Tiasilikali ta m'thiranki ya malemu bambo: nditisamale bwanji, ndipo ndiyambire pati kusonkhanitsa?

Funso

Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique. Mwambo wa maliro a bambo anga utatha, tinatsekula thiranki yawo, ndipo pansi pa zovala tinapeza chitini cha mabisiketi muli tiasilikali 23 tokulungidwa m'nyuzipepala. Ndikukhulupirira kuti anabwera nato kuchokera ku Johannesburg kapena ku Salisbury (Harare wa lero), kumene anagwirako ntchito ali mnyamata. Tina n'tachitsulo, topepuka, tokhala ndi kabowo pamutu, tina n'tating'ono kwambiri koma tolemera, tisanu n'tapulasitiki. Titatu tatuluka ufa woyera, penti ya tambiri yasupuka, ndipo kamodzi mutu wake unalumikizidwa ndi kamtengo ka machesi. Kodi n'takale bwanji, ndipo tili ndi mtengo? Nditipente mwatsopano? Ndingayambe bwanji kusonkhanitsa tina, poti kuno kulibe sitolo yogulitsa zoterezi? Mayi anga akuti munthu wamkulu sasunga zidole za nkhondo m'nyumba.

Yankho

Aphunzitsi, pepani kwambiri ndi imfa ya bambo athu, ndipo mwachita bwino kuti chitinicho simunachipereke kwa ana kuti akaseweretse pabwalo. Ine ndasonkhanitsa tiasilikali totere kwa zaka zoposa makumi awiri kuno mumzinda wa Tete, ndipo ambiri amene amabwera kwa ine ndi funso ngati lanuli amafika atawononga kale chinthu chimene akufuna kudziwa mtengo wake. Choncho ndiyambe ndi chimene sichingadikire: musapente kalikonse, musatsuke kalikonse ndi madzi, ndipo titatu ta ufa woyerato mutichotse lero lomwe n'kutiika patokha. Zina zonse tikhoza kuzichita mosathamanga, chifukwa ntchito ya wosonkhanitsa imayambira pa kudziwa kalikonse kamene ali nako m'manja, kuti kanapangidwa ndi yani, liti, ndi chiyani, ndiponso kakuimira msilikali wa nkhondo iti. Kugula tina kumabwera pambuyo.

Topepuka tokhala ndi kabowo pamututo ndi timene tandisangalatsa kwambiri m'kalata yanu, chifukwa kabowoko si chilema, ndi chidindo cha kapangidwe kake. Kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, tiasilikali tabwino tinkachokera ku Germany ndi ku France, kwa opanga monga Heyde wa ku Dresden ndi Mignot wa ku Paris, ndipo tinali ta mtovu wokhawokha mpaka m'kati, tolemera ndiponso tokwera mtengo. Mu 1893 William Britain wamng'ono wa ku London anabweretsa njira ina. Mmisiri ankathira mtovu wosungunuka m'chikombole cha mbali ziwiri, ndipo nthawi yomweyo ankachitembenuza kuti mtovu wa pakati, umene unali usanaume, utayikire kunja kudzera pa kabowo. Umene unakhudza khoma lozizira la chikombole unkatsalira ngati chigoba cha dzira. Motero mtovu umene kale unkapanga msilikali mmodzi unayamba kukwanira angapo, mtengo unatsika, katundu anapepuka potumiza kunja, ndipo makampani ena a ku England monga John Hill & Co, Crescent ndi Timpo anatsata njira yomweyo. Kampani ya Britains inasiya kupanga tiasilikali ta mtovu ta mtundu umenewu mu 1966, pulasitiki italanda msika ndiponso malamulo okhudza mtovu m'zoseweretsa ana atayamba kukhwima. Ngati tanuto tilidi tobowoka m'kati, ndiye kuti ukale wake ukhoza kugwirizana ndi zaka zimene bambo anali kunja.

Kuti mudziwe wopanga, tembenuzani kamodzikamodzi muwerenge kunsi kwa choimapo chake, pamalo owala, ndi galasi lokulitsira zinthu kapena kamera ya foni. Ta Britains nthawi zambiri timakhala ndi dzina la kampaniyo ndi mawu osonyeza kuti tinapangidwa ku England. Ta John Hill tina timalembedwa Johillco. Mukapeza deti lolembedwa kunsiko musafulumire kukondwa, chifukwa detilo ndi la pamene chithunzi cha kamsilikaliko chinalembetsedwa kuti ena asachibere, ndipo chikombole chimodzi chinkagwira ntchito zaka makumi angapo pambuyo pake. Choimapo chozungulira ngati dzira chimasonyeza zaka zoyambirira, pamene cha ngodya zinayi chinabwera pambuyo. Yang'ananinso nkhope: asilikali a Britains a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe ankapentedwa ndevu za pamlomo, ndipo ambiri a pambuyo pake alibe. Kenaka tengani rula muyeze kuchokera kuphazi kufika pamutu, osawerengera chisoti. Mukapeza mamilimita 54, umenewo ndiwo msinkhu umene Britains anaukhazikitsa, wotchedwa 1:32, kutanthauza kuti munthu weniweni wachepetsedwa ka 32.

Tating'ono tolemerato mutiyang'anitsitse mwapadera, chifukwa bambo anagwirako ntchito ku South Africa. M'zaka za m'ma 1950 ku Cape Town kunali kampani yotchedwa SAE, imene inkapanga tiasilikali tolimba mpaka m'kati ta mamilimita 30, tambiri tochokera m'manja mwa wosema wa ku Sweden dzina lake Holger Eriksson. Mukaona dzina la South Africa kapena zilembo HE kunsi kwake, muli ndi tiasilikali topangidwa kuno kum'mwera kwa Africa, ndipo kwa ine chimenecho n'chosangalatsa kuposa kukhala ndi ta ku London timene aliyense ali nato. Ngati tili taphwatalala ngati ndalama yachitsulo, tooneka bwino cham'mbali pokha, ndiye ta mtundu wa ku Nuremberg ku Germany, ta chitsulo cha tini, tothiridwa m'chikombole chogobedwa pa mwala wa sileti. Koma pali mtundu winanso umene umanamiza anthu ambiri: tiasilikali timene anthu ankathira okha kunyumba ndi zikombole zogula, tokhuthala pang'ono, topanda dzina lililonse, tokhala ndi mizere yosasalala m'mbali. Timeneto pamsika tilibe mtengo weniweni.

Za tapulasitiki sindichulukitsa. Mukaona dzina la Herald, Britains, Timpo kapena Airfix, n'toyenera kusunga. Britains inatenga kampani ya Herald mu 1959, ndipo mu 1971 inayamba kutulutsa ta Deetail, ta pulasitiki koma toima pa kachitsulo. Tolembedwa Hong Kong pokha, popanda dzina la wopanga, kawirikawiri n'tokopera ta ena. Topanda penti mungatitsuke m'madzi ofunda ndi sopo pang'ono, koma musayese kuwongola mfuti yopindika ndi zala, chifukwa pulasitiki yakale imauma n'kumathyoka ngati phesi. Iviikeni kaye m'madzi otentha, muiwongole ili yofewa, kenaka muiviike m'madzi ozizira.

Tsopano ufa woyera uja. Osonkhanitsa amautcha matenda a mtovu, ndipo chimene chimachitika n'chakuti mpweya wa asidi, wofanana ndi umene umamveka mu viniga, ukakumana ndi chinyezi pamalo otsekeka umadya mtovu n'kuusandutsa ufa. Asidiyo amachokera m'matabwa, makamaka matabwa opanikiza a utuchi ndi pulayiwudi, m'guluu woyera wa akalipentala, m'penti yosauma bwino, m'makatoni ndi m'nyuzipepala zakale. Choipa chake n'chakuti asidiyo akadya mtovu satha, amamasukanso n'kupitiriza kudya, choncho chimene chinayamba ngati kadontho pa bondo chimafika pofumbutsa mwendo wonse. Si matenda opatsirana monga a nkhuku, koma tonse tokhala m'chitini chimodzi tikupuma mpweya umodzi, ndipo nyuzipepala zimene mwatchulazo, zotsekeredwa m'thiranki kwa zaka zambiri m'chinyezi cha ku Angonia, ndizo ndikuziganizira poyamba. Zitayeni nyuzipepalazo, koma muyambe mwaona dzina ndi deti lake n'kulemba, chifukwa zikhoza kukuuzani mzinda ndi chaka chimene bambo anakulungira katunduyu.

Titatu todwalato mutitengere panja, mutavala magulovu ndi chophimba pamphuno, ndipo mupukute ufawo ndi burashi yofewa youma kuti ugwere pa pepala lonyowa limene mudzalikulunga n'kulitaya kutali ndi ana ndi ziweto. Musagwiritse viniga, mandimu kapena mafuta ophikira, ngakhale wina atakuuzani kuti ndi mmene amawalitsira mkuwa. Tikauma bwino, osamalira zakale m'nyumba zosungiramo zinthu amapaka kaphula kosalala kotchedwa Renaissance Wax, kapena mankhwala omatira otchedwa Paraloid B-72 osungunulidwa kwambiri. Ngati simungazipeze, kungopukuta ndi kusunga pouma pamene mpweya ukuyenda kumachedwetsa kale kuwonongekako.

Ndikunena izi ndi mtima wonse chifukwa ine ndinaluzapo. Zaka zanga zoyambirira ndinapangitsa kabati yokongola ya galasi kwa kalipentala wina, kumbuyo kwake anaikako thabwa lopanikiza lomatidwa ndi guluu woyera, m'kati n'kupakamo penti ya mafuta. Sabata lisanathe ndinaikamo asilikali anga a pa akavalo, ndipo poopa fumbi la mu Tete ndinamata mipata yonse ya chitseko kuti mpweya usalowe. Patapita madzinja awiri ndinaona kuti miyendo ya akavalo yatuwa ngati yawazidwa ufa wa chinangwa. Nditanyamula kavalo mmodzi, mwendo wake wakutsogolo unangofumbutuka pakati pa zala zanga, n'kutsala kabowo koonetsa m'kati mopanda kanthu. Anayi anatheratu. Kalipentalayo analibe mlandu, anapanga chimene ndinamupempha. Amene sankadziwa mtovu ndinali ine.

Kabati yabwino ndi ya chitsulo ndi galasi, kapena yamatabwa akale ouma bwino yokhala ndi mashelefu a galasi, kuti kamsilikali kasakhudze thabwa, ndipo ikhale ndi timabowo tolowetsa mpweya. Inu ku Ulongwe mdani wanu ndi chinyezi cha dzinja ndi nkhungu ya m'mawa, choncho kabatiyo isatsamire khoma limene limanyowa, ndipo muziikamo timapaketi toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a mafoni. Ife kuno kuchigwa mdani wathu ndi dzuwa ndi kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, kopitirira madigiri 40, kumene kumafwifwitsa penti ndi kuumitsa pulasitiki yosiyidwa pawindo kapena pansi pa denga la malata. Posunga m'bokosi, kalikonse kakulungidwe pakokha m'kansalu ka thonje kochapidwa, osati m'thonje la kuchipatala limene limakola mfuti n'kusupula penti. Tsiku lina mukadzapeza ta Elastolin kapena Lineol ta ku Germany, topangidwa ndi utuchi ndi guluu pa mafupa a waya, madzi asadzatikhudze konse, chifukwa wayayo akachita dzimbiri amatupa n'kung'amba thupi lonse.

Popeza ndinu mphunzitsi ndiponso mwina kholo, nkhani ya mtovu ndiitsindike. Mtovu, umene asodzi a mu Zambezi amautcha chumbu, ndi poizoni amene amawononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono popanda chizindikiro chooneka msanga, ndipo bungwe la zaumoyo la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Penti yakale ya tiasilikali timeneti nayonso ikhoza kukhala ndi mtovu. Mwana asatiike m'kamwa, inu muzisamba m'manja mukatigwira, ndipo mukafuna kutionetsa m'kalasi tikhale m'bokosi loonekera limene ophunzira sangalitsekule. Wina akadzakulangizani kusungunula mtovu wa batire la galimoto kuti muzithira tanu, mukane; utsi ndi fumbi lake zimatsalira pabwalo pamene ana amakwawa.

Funso loti mupente mwatsopano yankho lake ndi ayi, ndipo likugwirizana ndi funso la mtengo. Penti ya ku fakitale inkapakidwa ndi manja, kawirikawiri ndi amayi ogwira ntchito mofulumira, madontho awiri a maso, kamzere ka pakamwa, masaya ofiirira, ndipo ndi penti imeneyo imene imauza wodziwa za chaka ndi wopanga. Mukaikwirira ndi penti ya m'sitolo ya zomangira, ngakhale dzanja lanu likhale losalala chotani, mwafafaniza umboniwo, ndipo mtengo umatsika kwambiri. Kamsilikali kosupuka koma ka penti yake n'kabwino kuposa konyezimira kopentedwa dzulo. Za ndalama ndikuuzeni zoona kuti musayembekezere zambiri: Britains inapanga tiasilikali miyandamiyanda, ndipo kamodzi kamodzi kosupuka, kopanda bokosi lake, ka gulu lodziwika monga alonda a mfumu ya ku England a zisoti zazitali zakuda, kali ndi mtengo wochepa. Chimene chimakweza mtengo ndi gulu lathunthu lokhala m'bokosi lake lenileni lofiira ndi chizindikiro chake, penti yosakhudzidwa, ndi kusowa kwa mtunduwo. Langizo langa ndi lakuti musagulitse, makamaka kwa munthu wobwera pakhomo amene akufuna kutenga chitini chonse pa mtengo umodzi.

Nanga muyambire pati? Musayambe ndi kugula chilichonse chonyamula mfuti. Malcolm Forbes, mmodzi wa anthu olemera a ku America, anasonkhanitsa tiasilikali toposa 100,000 m'nyumba yake ku Tangier ku Morocco, komabe sanathe kukhala ndi tonse, ndipo atamwalira gawo lalikulu la chuma chimenecho linagulitsidwa pa okushoni mu 1997 n'kumwazikana. Munthu wa malipiro a uphunzitsi ayenera kusankha msinkhu umodzi ndi nkhani imodzi. Msinkhu wa 1:32 ndi woonetsa bwino nkhope ndi zovala, ndipo ukugwirizana ndi ta bambo. Wa 1:72, wa mamilimita pafupifupi 24, ndi wotchipa, bokosi limodzi limakhala ndi makumi angapo, sulemera potumiza, ndipo gulu lonse la nkhondo limakwana pa tebulo la m'kalasi. Ta masiku ano tachitsulo topentedwa kale, monga ta King & Country ta msinkhu wa 1:30, n'tokongola koma kamodzi kokha kakhoza kudya ndalama za mabokosi angapo a tapulasitiki. Mukasakaniza misinkhu pashelefu imodzi, wina amaoneka chimphona wina kamwana, ndipo nkhani imasokonekera.

Pa nkhani yoti musankhe, ndili ndi maganizo amene ndimawagwiritsa ndi manja awiri. Masitolo a ku Ulaya adzakudzazirani Napoleon, Aroma ndi nkhondo yachiwiri, ndipo palibe choletsa kuzikonda, koma inu mumaphunzitsa ana a ku Angonia, ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse inapondaponda dziko lathu lomwe lino. Pa 25 Novembala 1917 mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Rovuma ndi asilikali ake achiafrika, anagonjetsa Apwitikizi pa Negomano n'kutenga mfuti ndi zipolopolo zawo, anatsika mpaka ku Namacurra kufupi ndi Quelimane mu Julayi 1918, kenaka anabwerera kumpoto, ndipo anakatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Ena mwa amene ankamulondola anali a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake a ku Nyasaland, a likulu ku Zomba, anali ndi amuna ambiri olankhula chilankhulo chathu chomwechi. Britains inapanga gulu limeneli m'bokosi la nambala 225, asilikali oguba mfuti ili paphewa atavala chisoti chofiira, ndipo pa msinkhu wa 1:72 kampani ya HäT inatulutsa asilikali achiafrika a mbali ya Ajeremani. Mukapeza kamodzi ka nambala 225 m'chitini cha bambo, mundiuze msanga.

Koma mukaimika magulu onsewo pashelefu mudzaona kuti pakusowa anthu amene anali ochuluka kuposa onse, amtengatenga. Nkhondo imeneyo inayenda pamitu ya amuna ogwidwa m'midzi kuti asenze ufa, mabokosi a zipolopolo ndi machila, ndipo anafa ochuluka ndi njala ndi matenda kuposa amene anafa ndi mfuti. Mafakitale a zidole sanawasamale kwenikweni chifukwa analibe yunifomu yokongola. Chaka chomwecho cha 1917, m'mwezi wa Malichi, anthu a ku Barue anaukira Apwitikizi pansi pa ufumu wa Makombe, atatopa ndi ntchito yokakamiza ya pamsewu ndi kugwidwa kopita kunkhondo, ndipo moto wake unafika m'madera ambiri a chigawo chino. Pouzimitsa, Apwitikizi analemba ankhondo ambiri Achingoni. Imeneyo ndi mbali yowawa ya mbiri ya kwanu komweko, ndipo shelefu ya mphunzitsi woona mtima iyenera kuionetsa pamodzi ndi mbali zimene timanyadira.

Apa ndi pamene wosonkhanitsa wa ku Tete amasanduka mmisiri, chifukwa asilikali athu ambiri sagulitsidwa m'bokosi lililonse. Simudzapeza bokosi lolembedwa Achikunda, ankhondo a mtsogoleri wotchedwa Bonga, amene pa linga lawo la Massangano, kufupi ndi pamene Luenha amathira mu Zambezi, anabweza magulu angapo a nkhondo a Apwitikizi pakati pa 1867 ndi 1869, mpaka lingalo linagwa mu 1888. Simudzapezanso Angoni a Maseko amene anakhazikika pa phiri la Domwe cha m'ma 1870. Chimene mudzapeza chochuluka ndi Azulu, chifukwa nkhondo ya 1879, makamaka ya pa Isandlwana, inatchuka ku England ndipo makampani ambiri anawapanga. Mzulu wa pulasitiki wotchipa ndi poyambira pabwino popanga Mngoni, koma musangomusintha dzina. Pitani kukaona akuluakulu akuvina ngoma, muone kukula kwa chishango, kagwiridwe ka chibonga ndi nthungo, nthenga za kumutu ndi zikopa za m'chiuno, muwafunse chimene chili cha makolo ndi chimene chinabwera posachedwa, kenaka musinthe motsatira zimenezo. Zida zake si zachilendo: mpeni wakuthwa, waya wopyapyala, phala lomatira la mitundu iwiri monga Pratley Putty limene limapezeka m'masitolo a zipangizo za galimoto, ndi penti ya akiriliki. Mtengatenga wanga woyamba ndinamupanga pochotsa mfuti ya kamsilikali ka pulasitiki, kupinda mikono yake m'madzi otentha kuti iloze kumutu, kumuveka kansalu ka phala m'chiuno ndi kumusenzetsa kabokosi kosemedwa ku nsungwi. Amene anaumbapo ng'ombe zadothi kudambo kapena kupinda galimoto yawaya ali ndi theka la lusoli kale, ndipo m'kalasi mwanu muli ana amene adzakuposani. Musadule kamsilikali kakale pa ntchito imeneyi, ndipo kunsi kwa kalikonse kamene mwapanga mulembepo chaka ndi zilembo za dzina lanu, kuti m'tsogolo wina asadzanamizidwe kuti n'kakale.

Kopeza tina kulipo, kungofuna kuleza mtima. M'milu ya zidole za kaunjika, pa msika wa Kwachena kuno ku Tete, pa msika wa ku Ulongwe kapena kutsidya kwa malire pa Lizulu, pakati pa zidole zothyoka pamatuluka nthawi zina ka Britains Deetail kapena ka Timpo pa mtengo wa chidole wamba. Muzolowereni wogulitsa mmodzi, mumuonetse chithunzi cha zimene mukufuna, adzakusungirani. Pa intaneti, ku Portugal fufuzani ndi mawu akuti soldadinhos de chumbo pa OLX, ku South Africa yang'anani pa Bob Shop, ndipo eBay ili ndi zambiri koma ndalama yotumizira ndi msonkho wa pa kasitomu nthawi zambiri zimaposa mtengo wa katundu. Njira imene imandithandiza ndi kugula zingapo pamodzi, kuzitumiza kwa mbale amene ali ku Johannesburg, iye n'kudzabwera nazo pa basi podzera pa Cuchamano. Musagule popanda kuona chithunzi cha kunsi kwa choimapo ndi cha kumbuyo, ndipo musatumize ndalama zonse pa M-Pesa kwa munthu wa pa Facebook amene palibe wosonkhanitsa mnzanu akumudziwa. Penti yosalala kwambiri pa kamsilikali kamene m'mphepete mwake mwaperepeseka, kapena penti yokwirira malo othyoka, ndi chizindikiro chakuti wina anapentanso.

Mawu a mayi musawapeputse. Anthu a m'badwo wawo a ku Angonia anaona nkhondo ndi maso, ambiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu atasenza ana ndi mitolo, ndipo kwa iwo munthu wonyamula mfuti, ngakhale wa mamilimita 54, si chokongoletsa m'nyumba. Ine ndinadziikira lamulo loti sindiimika pashelefu nkhondo yapachiweniweni ya dziko lathu imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndiponso sindipanga chithunzi cha zimene zinachitika ku Wiriyamu pa 16 Disembala 1972, pamene asilikali a Apwitikizi anapha anthu ambiri a m'mudzi, chifukwa amene anataya abale awo akadali moyo ndipo timapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Kabati yanu ikhale m'chipinda chanu chowerengera kapena kusukulu, osati pabalaza pamene mayi amakhala. Mukamacheza nawo musawatsutse. Akumbutseni kuti ngakhale mganda, umene amuna amavina atavala zoyera akuguba pamzere ndi malipenga a zikho, unabadwa potsanzira perete wa asilikali, ndipo anthu anautenga n'kuusandutsa chokumbukira. Kenaka afunseni za chitinicho, chifukwa mwina ndi iwo okha amene atsala odziwa amene anapatsa bambo tiasilikali timeneti, kaya anagula okha kaya anapatsidwa ndi banja limene ankaligwirira ntchito.

Zimene mayi anene muzilembe m'kope, ndipo kope limenelo likhale chiyambi cha kusonkhanitsa kwanu. Kalikonse mukapatse nambala, yolembedwa pa kapepala koikidwa pambali pake osati pathupi pake, ndipo m'kopemo mulembe msinkhu, chimene kanapangidwira, mawu a kunsi, gulu la nkhondo limene kakuimira, kumene kanachokera, tsiku limene kanafika m'manja mwanu ndi vuto lililonse limene kali nalo. Nambala 1 ikhale ya kamutu ka machesi kaja. Khosi ndilo linali malo ofooka a tiasilikali tobowoka m'kati, ndipo kulowetsa kamtengo ka machesi m'khosi n'kuvekapo mutu ndi njira imene ana ndi makolo ankakonzera kulikonse kumene tiasilikali timeneti tinafika. Wogula wa ku Ulaya angakatsitse mtengo chifukwa cha kamtengoko, koma n'kutheka kuti dzanja limene linakasongola ndi la bambo, choncho musakazule ndipo musathirepo guluu. Mukamaliza kulemba onse 23, munditumizire zithunzi zitatu za kalikonse, chakutsogolo, chakumbuyo ndi chakunsi, rula ili pambali pake, ndipo muyambe ndi tating'ono tolemera tija.